Odi wa a Nankhoma

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha dzanja, osati mutu. Shikola ndinali nditamaliza, setifikado ili gone m'bokosi la zovala kwathu ku Ntengo-Wambalame, mwini wakene ndikukumba kachewere ngati wina aliyense. Akulu anga okwatiwa ku Furancungo atabereka mwana woyamba, amayi ananditumiza kuti ndikawathandize kuchapa matewera ndi kutunga madzi. Ndinakwera shapa, kaminibasi ka kwathu, ndikudziwa kuti maphunziro anga onse athera m'beseni.

Tsiku lina alamu anandituma kukachititsa fotokopya ya bilyete yawo, chiphaso cha boma, pa banka ina, kashopu ka pafupi ndi msika. Ndinapeza mwini bankayo, a Kustodyo, akuwomba makina ndi chikhatho, thukuta lili kamukamu. Pepala linali litakodwa m'kati, ndipo zala zawo zonenepa zinkakanika kulowa pampata. Anayang'ana mzere wa anthu, maso awo n'kugwera pa manja anga.

"Iwe, bwera kuno. Pisa apa, ukoke pang'onopang'ono. Usang'ambe."

Ndinapisa, ndinakoka, pepala linatuluka lathunthu. A Kustodyo analiyang'ana, anayang'ananso dzanja langa, n'kuti, "Mawa ubwere sete ora, seveni koloko m'mawa." Za shikola sanafunse. Ngakhale dzina langa loti Delfina analifunsa pambuyo pake, ataona kuti akati "iwe" akutembenuka ndi anthu ambiri.

Banka yathu inali chipinda chimodzi cha njerwa zowotcha. Munali makomputadolo awiri, makina a fotokopya amene ankathanso kujambula pepala n'kulilowetsa m'komputadolo, impulesola yosindikizira zithunzi, kamakina kokutira mabilyete m'pulasitiki, foni ya ntchito, ndi modemu imene tinkaipachika pa msomali wa pawindo chifukwa mpamene rede, netiweki ija, inkagwira. Padenga panali painelo yokoka mphamvu ya dzuwa, pansi pa tebulo mabatire, zodikira magetsi akathawa. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi kupukuta galasi la fotokopya ndi kansalu kouma. Kenako ndinkapepeta mapepala ndi chala kuti asamatane, poti chinyezi cha ku Furancungo chimalowa ngakhale m'paketi yosatsegula. Tonala, kabokosi ka inki ya makina, ikayamba kutuwitsa zilembo ndinkaitulutsa, kuigwedeza cham'mbali, n'kuibwezera. A Kustodyo ankati tonala ili ngati chubu cha mankhwala otsukira mano, siitha tsiku limene yanena kuti yatha.

Makasitomala athu ambiri komputadolo sankaikhudza. Ankakhala pabenchi n'kumayankhula, ine n'kumalemba. Wina akufuna rekerimento, kalata yopempha, yopita nayo ku administrasau, ku ofesi ya boma, wina akufunsira ntchito yogula fodya, wina akufuna foto ya bilyete, ndiye ndinkamuimika kutsogolo kwa nsalu yoyera imene tinakhoma pakona. Zambiri zinkafunika kutumizidwa kutali, ku Tete kapena ku Maputo. Zonsezo zinkadzera pa navegadolo, pulogalamu imene munthu amatsegula kuti alowe pa intaneti. Ndiye linali khomo lathu lotulukira. Navegadolo wathu anali ndi kamthandizi kake cham'mbali. Ukakapatsa chithunzi cholemera kankachipepuza kuti chidutse pa rede yathu yopuwala, ndipo ukakapatsa Chipwitikizi chokhota kankachiwongola. Ndinkakakonda kwambiri, ndisaname.

Lamulo la a Kustodyo linali lalifupi. "Ukaona palembedwa *Aceito*, dina. Kasitomala sadikira."

Sanali munthu woipa a Kustodyo. Anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, Chipwitikizi anachiphunzira atabwerako ali kale ndi ndevu, ndipo ankachinyadira monga munthu amanyadira njinga yogula ndi thukuta lake. Ukawatsutsa pa mawu a Chipwitikizi, tsiku limenelo tiyi umwa wekha. Koma maliro akagwa pamudzi, mapepala a nyimbo za kwaya ankasindikiza osalipiritsa.

Rozaliya anabwera m'dzinja, pa mota, njinga yamoto, atapanikizidwa pakati pa woyendetsa ndi amayi ake kuti asagwe. Anali wamkulu pang'ono kwa ine, mayi wa mwana mmodzi. Anali ndi chilonda pabere chimene chinakana mankhwala. Namwino wa kuchipatala chathu anali atayesa zimene akanatha, ndipo ankadziwana ndi dotolo wina ku Tete amene anavomera kuona zithunzi kaye, kuti anene ngati n'koyenera kumuyendetsa wodwalayo ulendo wonsewo pa msewu wamatope. Amayi ake, a Nankhoma, anali aafupi, a manja akuda ndi utomoni wa fodya. Anayang'ana amuna amene anali pabenchi, n'kuyang'ana ine.

"Amuna asaone," anatero. "Dotolo yekha basi. Ndi iwe, poti ndiwe mkazi mnzake."

A Kustodyo anatulutsa amuna onse kukhonde, iwonso n'kutuluka. Nsalu yoyera ija ndinaimasula n'kuitchinga pakona. Rozaliya anamasula chitenje ndi bulauzi, anatembenuzira nkhope kukhoma, n'kunena motsitsa kuti, "Nkhope musajambule, achemwali." Zimene ndinaona sindilemba pano. Nkhope sindinajambule. Koma dotolo anafuna chithunzi chimodzi choonetsa kuyambira m'khosi kufika m'chiuno, ndipo pamenepo panaoneka chibwano chake, chipsera cha moto chimene chinali pansi pa chibwanocho, ndi korona ya mikanda yobiriwira imene anakana kuvula. Munthu aliyense wa m'mudzi mwawo akanamuzindikira.

Zithunzi ndinazisamutsa ndi chingwe kuchokera pafoni kupita m'komputadolo. Zinali zolemera, rede ili yofooka ndi mitambo, ndiye panafunika kamthandizi kaja. Nditatsegula navegadolo ndinapeza wadzisintha yekha. Pagalasi ponse panadzaza zilembo zing'onozing'ono, pansi pake kabatani ka *Aceito*, ndipo sankalola kupitirira usanadine. Chala changa chinali chitanyamuka kale. Koma a Nankhoma anali ataima kumbuyo kwanga, ndipo ngakhale sankawerenga, anaona kuti chatulukacho si chimene timayembekeza.

"Chalemba chiyani chimenecho?"

Ndinabisa zithunzi n'kuitana a Kustodyo. Anawerenga mizere yoyamba akulondola ndi chala, milomo ikugwedera. Kenaka anawongoka.

"Palibe vuto, amayi. Akupempha *licença*. Mukudziwa lisensa zili pawiri. Ilipo ya boma, yolipira, ngati yangayi ili pakhomayi. Ndiye ilipo ya ulemu, ija timati *com licença* tikamalowa pakhomo pa munthu kaya podutsa pamene akulu akhala. Tsono apa alemba kuti *gratuita*, yaulere. Lisensa yaulere ndi odi basi. Akuti odi, tidutse nazo zithunzizi tikapereke kwa dotolo."

Nkhope ya a Nankhoma inamasuka. "Ngati ndi odi, ali nawo mwambo anthuwo," anatero. Anawomba m'manja pang'ono, molemekeza, akuyang'ana galasi la komputadolo. "Odini. Afike."

A Kustodyo anadina. Ine ndinagwedeza mutu, chifukwa zinandimvekera bwino lomwe. Tonse m'chipindamo tinakhutira, ndipo Chipwitikizi chathu tonse chinathera pomwepo. Ndinapereka zithunzi kwa kamthandizi, kanazipepuza, kanawongolanso mawu amene ndinalemba ofotokoza dzina la wodwala, mudzi wake ndi mmene matenda anayambira. Ndinatumiza. Dotolo anayankha kuti abwere naye msanga. A Nankhoma anagulitsa mbuzi, anapita naye, koma anabwerako atauzidwa kuti achedwa.

Amene ananditsegula m'maso anali a profesolo ena, aphunzitsi a pashikola, amene ankasindikiza mayeso pabanka pathu. Ataona chizindikiro cha navegadolo wathu anafunsa ngati tamva kuti anthu akumayiko akukangana naye chifukwa cha malamulo ake atsopano. Iwonso sankadziwa bwino, anangoti nkhani yake ndi ya zinthu zimene anthu amalowetsamo. Masana amenewo kunalibe makasitomala chifukwa cha mvula. Ndinafufuza zilembo zija mpaka ndinazipeza, ndinatenga disiyonaryo ya a Kustodyo, buku lomasulira mawu lothothoka chikuto, n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere.

Sanali odi. Lisensa ija inali chilolezo, ndipo opereka chilolezocho tinali ife. *Gratuita* sankatanthauza ulemu, ankatanthauza kuti eni navegadolo satilipira kanthu. Panalinso mawu akuti *mundial*, kutanthauza kuti chilolezocho chikugwira ntchito paliponse pa dziko lapansi. Chilichonse chimene munthu walemba kapena kulowetsa kudzera mwa kamthandizi kaja, iwo anali ndi ufulu wochisunga, wochikopera, ndi wochigwiritsa ntchito pokonza ndi pophunzitsa makina awo. Cham'munsi analemba mokoma kuti zinthuzo zikhalabe zako. Mawu amenewo ndinawawerenga kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndinkaona korona ya mikanda yobiriwira ija.

Ndinawauza a Kustodyo. Anakwiya, ndipo sindinadziwe ngati akwiyira zimene ndapeza kapena kuti ndagwira disiyonaryo yawo.

"Epa, iwe! Azungu amenewo ali nayo nthawi yoyang'ana chilonda cha ku Furancungo? Anthu dziko lonse akudina, iwe ndiye wanzeru? Pukuta galasi."

Mwina ankanena zoona. Mwina palibe munthu anaziona zithunzizo, mwina makina anazimeza n'kuziiwala. Pambuyo pake eni navegadolo anasinthanso mawu awo, anawafewetsa, nati anthu sanawamvetse. Koma za zinthu zimene zinadutsa kale sananenepo kanthu. Chimene chinkandidya ine n'chakuti sindinkadziwa, ndipo panalibe munthu woti n'kumufunsa. Usiku ndi usana komputadolo inkangolira kamphepo kake ngati palibe chachitika.

Rozaliya anamwalira fodya ali m'zigafa. Ndinamva kwa woyendetsa mota uja.

Kwa amene sadziwa mwambo wathu: maliro sathera kumanda. Lisanafike tsiku lometa, abale amasonkhanitsa zonse za malemu. Zovala, mbale, khasu, ngakhale chivundikiro cha poto chimene anabwereketsa kwa mnansi, zonse zimabwera pamphasa. Mwini mbumba, amene amakhala malume wa malemu, amagawa zogawika, ndipo zimene zinakhudzana ndi matenda amazitentha kapena kuzikwirira. Zikatha izi anthu amameta, maliro n'kutha, ofedwa n'kubwerera kumunda ndi kumsika. Ngakhale ife a kutchalitchi timachita. Palibe amene amafuna kuti kanthu ka malemu katsale kakungoyendayenda m'manja mwa anthu osawadziwa.

Tsiku limene abale a Rozaliya anabwera linali la msika, benchi ili yodzaza. A Nankhoma analowa atavala duku lakuda, kumbuyo kwawo kuli bambo wamtali wonyamula chipewa m'manja. Anadzitchula kuti ndi a Belenado, mlongo wawo wa a Nankhoma, malume wake wa Rozaliya. Anapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, kenaka anatembenukira kwa a Kustodyo.

"Bambo, tatolera zonse za mwana wathu. Kwatsala za kuno. Tamva kuti thupi lake linalowa m'makina mwanumu. Tabwera kudzalitenga."

A Kustodyo anapepesa maliro mwaulemu wonse, anapempha amuna kuti atembenuke, n'kundiuza kuti ndichite zonse a Nankhoma akuona. Ndinayamba ndi foni. Ndinafufuta zithunzi, n'kulowa kumene foni imasunga zofufutidwa, n'kufufutanso kumeneko. M'komputadolo ndinafufuta chikwatu chimene ndinazisungamo, kenaka ndinakhuthula lisheira, dzala la komputadolo kumene zotayidwa zimakadikira. Ndinalowa mu imelo ya banka, ku zotumizidwa, n'kuchotsa kalata ija pamodzi ndi yankho lake. Ndinapukuta mbiri ya navegadolo. Chilichonse ndinkachitchula ndisanachite, iwo n'kumavomera ndi mutu. A Kustodyo anaimbira namwino uja, namwino anaimbira dotolo, ndipo yankho linabwera kuti kumeneko zinachotsedwa kale. Pomaliza a Kustodyo anatulutsa kakadi kosungira zinthu m'foni, kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukaika m'dzanja la a Belenado. Iwo anakakulunga m'pepala n'kukaika m'thumba la malaya, kuti akakakwirire pamodzi ndi nsalu zomangira chilonda.

"Ndiye zatha zonse?" anafunsa a Belenado. "Palibe chatsala?"

"Poronto, zatha," anatero a Kustodyo. "Pitani mukamete ndi mtima umodzi."

A Belenado anayamba kuvala chipewa. Koma a Nankhoma sanasunthe. Anandigwira pamkono, dzanja lawo lili lozizira.

"Awa sanamuone mwana wanga. Unamuona ndiwe. Nena ndiwe, mwanawe. Zatha?"

A Kustodyo anandiyang'ana, ndipo ndinamva zonse zimene maso awo ankanena. Liwu limodzi lokha linkafunika. Ndikanalinena, mayi uja akanapita kwawo, akanameta, akanagona tulo. Koma sindinalinene. Munthu amene anandikhulupirira ndi umaliseche wa mwana wake ankandifunsa ine, osati makina.

"Za muno zatha, amayi," ndinatero. "Koma ajawa munawayankha kuti odini, sanali kunena odi. Ankapempha chilolezo choti asunge zimene zadutsa pakhomo pawo. Tonse sitinamve bwino. Kaya anasunga, kaya sanasunge, ine sindikudziwa. Koma pepala lawo likuti akhoza."

A Belenado anavulanso chipewa.

"Asunge thupi la mwana wathu? Achite nalo chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza za makina amene amaphunzira poona zithunzi zambirimbiri, koma mawu ankandithera m'kamwa. Ndinathamangira ku mzere wokoma uja, poganiza kuti uwatonthoza. Ndinati alembanso kuti zithunzizo zikhalabe zanu, eni ake ndinu.

"Zathu?" anatero a Belenado. "Zili kuti?"

"Sindikudziwa."

"Tingakazitenge?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Ndiye ng'ombe ndi yanga, koma ili m'khola la munthu amene sindimudziwa, akulimira, ndipo mudzi wake sanena. Umwini wotani umenewo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana iwe. Wapachala ngwamphepo."

A Kustodyo analowererapo. Anati mtsikanayu amawerenga zambiri, anati anthu onse amadina, anati palibe chimene chingachitike. A Belenado anangowafunsa kuti, "Munati ndi odi ndinu?" A Kustodyo anayang'ana pansi. Sindinawaonepo ali aang'ono chotero, ndipo ndinawamvera chisoni ngakhale ndinali nditawakwiyira.

Ndinati tiyese kupempha kuti azichotse. Ndinafufuza mpaka ndinapeza tsamba lolemberapo madandaulo. Linkafuna dzina la akaunti ya mwini zinthu, pamene Rozaliya analibe akaunti ndipo komputadolo sanaikhudzepo chibadwire. Linkafuna kuti wopemphayo atsimikize kuti ndi mwini wake, pamene mwini wake anali kumanda. Panalibe malo olembapo malume kapena mayi. Ndinalemba m'dzina la banka, m'Chipwitikizi changa chokhota, poti kamthandizi kaja sindinafune kukapatsanso dzina la Rozaliya. Ndinafotokoza kuti mwini zithunzi anamwalira ndipo abale akuzifuna kuti atsirize maliro. Nditangotumiza, yankho linabwera nthawi yomweyo. A Nankhoma anawerama, maso ali pagalasi.

"Ayankha?"

Ndinawerenga. Anali mawu okonzeratu, othokoza kuti tawalembera ndi kutiuza kuti tisayankhe kalatayo chifukwa palibe amene amawerenga. Ndinawauza kuti si munthu wayankha, ndi makina.

A Nankhoma anandikankha pang'ono kuti ndisunthe ndi mpando wanga. Anakonza chitenje, anagwada pa simenti kutsogolo kwa tebulo, n'kuwomba m'manja monga anachitira tsiku lija.

"Odi."

Bambo wina pabenchi anayamba kuseka, koma kuseka kwake kunafera pakhosi. Chimene chinkamveka ndi kamphepo ka komputadolo ndi phokoso la msika panja.

"Odi kuno. Ndine make Rozaliya. Ndadzatenga za mwana wanga."

Anadikira monga munthu amadikira pakhomo, mutu uli chopendekera, kumvetsera ngati kukubwera mapazi. Anaodiranso kachitatu, mokweza pang'ono. Misozi inali ikutsika, koma mawu awo sanagwedezeke. Ine ndinkalira poyera, osabisa. Atadikira mokwanira anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuimirira.

"Pakhomo posayankha salowapo," anatero. "Koma iwo atati odi, ine ndinayankha."

A Belenado anawagwira paphewa. "Tiyeni, mlongo." Anatsanzika kwa aliyense monga analonjera, n'kutuluka.

Anthu a pabenchi tinawathandiza mwakachetechete. Mmodzi amene anabwera ndi mapepala a kuchipatala anawapinda n'kubwerera nawo. Titatseka, a Kustodyo anakhala pa mpando wawo osavula n'magalasi omwe.

"Wapindula chiyani?" anandifunsa. Sanakalipe, ndipo bwenzi kukalipa kuli bwino. "Zithunzi wazibweza? Ukanangoti zatha, mayi uja akanapumula. Wamusenzetsa mtolo umene sadzautula, ndipo mwina mtolowo mulibe kanthu."

Mpaka lero ndilibe yankho lokwanira. Madzi anali atatayika kale. Chimene ndinawapatsa a Nankhoma tsiku lija chinali choonadi, koma choonadi chofika mochedwa, pamene sichikanatha kuteteza aliyense. Pali masiku amene ndimati ndinachita bwino. Pali masiku amene ndimati a Kustodyo ankadziwa za anthu kuposa ine.

Sanandichotse ntchito. Tinangokhala osayankhulana kwenikweni, ine kupukuta galasi, iwo kuwerenga nyuzi pafoni. M'mawa wina ndinapeza kamthandizi kaja katazimitsidwa, ndipo disiyonaryo ili pa tebulo langa m'malo mwa pa shelefu yawo. Tinkapepuza zithunzi ndi pulogalamu ya m'komputadolo momwemo, yosafuna intaneti, imene inalipo nthawi yonseyi koma tinkaiona ngati yochedwa.

Kumudzi kwa a Nankhoma anameta, poti abale ochokera kutali sakanadikira mpaka kalekale. Kakadi kaja anakakwirira. Onse anameta kupatula mayi wa malemu. Anati sangamete mwana wawo asanabwere yense, ndipo ngakhale akulu a mpingo atawayankhula, lumo silinawakhudze.

Pano ndili ndi banka yangayanga ku Tsangano, pafupi ndi msika. Anthu amati ndimachedwetsa, ndipo ena amapita kwa mnzanga wa kutsidya kwa msewu amene amadina msanga. Apite. Zilembo zikatuluka ndimawerenga, ndipo ndimamasulira mwini zinthu asanavomere, osati atavomera. Mawu akuti lisensa sindiwamasulira kuti odi. Ndimati, "Akupempha kuti asunge, ndipo mukavomera simudzatha kukatenga." Ena amaseka n'kuti dinani, ndi rekerimento chabe, ndipo ndimadina, poti ndi zawo. Koma mayi akabwera ndi chinthu cha m'kati mwa chitenje, ndimamuuza njira zonse zimene chidutse ndi pamene ine sindikudziwa. Kazitape wa pakhomo, navegadolo uja, sindingamuthamangitse, koma sindingamutchulenso kuti mlendo.

Ku Furancungo ndimapitabe kukaona akulu anga. A Nankhoma amagulitsa nyemba kumsika, pafupi ndi pokwerera mota. Poyamba ndinkazemba, kudzera kuseri kwa ogulitsa tomato, koma anandiona n'kundiitana ndi dzina. Sanandisungire mkwiyo. Amandifunsa za amayi, za mvula ya kwathu, amandionjezera nyemba pambale. Mwana wa Rozaliya amakhala pambali pawo, wayamba kale shikola. Ndikamatsanzika amandigwira pamkono, pomwe paja, n'kutsitsa mawu kuti mdzukulu asamve.

"Ayankha?"

Imelo ya banka ija a Kustodyo amaitsegulabe, ndipo ndisanafike kumsika ndimadzera kwa iwo kukafunsa. Amangopukusa mutu.

"Sanayankhe, amayi."

"Chabwino," amatero. Amakweza manja kukonza duku lakuda lija, kubwezera m'kati tsitsi limene latulukira m'mbali. Lakula kwambiri tsopano, ndipo lonse lachita imvi.